Dzala ndi Ngalande: Mbiri ya Madzi Akuda ku Cuamba, ku Mandimba ndi ku Ngauma

Munthu wofika ku Cuamba, m'chigawo cha Niassa m'dziko la Mozambique, m'mwezi wa Okutobala, pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo fumbi lakuta masamba a mango, akaima pafupi ndi msika nasuzumira m'ngalande imene yatsata msewu, sadzaonamo madzi ngakhale dontho, koma adzawerengamo zonse zimene mzindawo wadya chilekere mvula: majumbo akuda ndi oyera, mabotolo ophwanyika, zitsononkho, makoko a nzimbe ndi a nthochi, mamba a nsomba, sanza, nkhwaira zoduka zingwe, mchenga wokokoloka m'misewu yopanda phula, ndiponso, apo ndi apo pamene pali chiwaya cha chipisi kapena pokazingira mandasi, chinthu china chakuda ndi chomata chimene chagwira zonsezi pamodzi monga ulimbo ugwira nthenga za mbalame. Odutsa amangolumpha osachiyesa kanthu, pakuti m'chilimwe ngalande ndi dzenje chabe; koma ikafika mvula ya Januwale, mitambo itaunjikana pamwamba pa phiri la Mitucué, dzenje lomwelo limaitanidwa ku ntchito imene analikumbira, ndipo polephera kuigwira, limapereka madziwo kwa eni nyumba zoyandikana nalo, usiku, ana ali mtulo.

Kukacha, anthu atayanika mphasa ndi ufa wonyowa pamipanda, pamamveka mawu a mitundu iwiri. Ena amati, "Ndi mvula ya Mulungu, nanga ife tingatani?" Ena, makamaka iwo okhala pamtunda, amati, "Anthu a kumunsi kuja ndi auve." Mawu onse awiriwa ndawamva kambirimbiri, ndipo ndikhulupirira kuti m'onsemo muli kachoonadi kochepa kamene kaphimba choonadi chachikulu, pakuti mvula inali kugwa m'dziko lino makolo athu asanabadwe, ndipo amayi amene lero tikuwanena uve ndiwo ana a amayi aja amene anali kusesa bwalo nkhuku zisanatuluke m'khola. Chimene chinasintha ndi njira imene zonyansa zimatulukira pakhomo, ndipo njira imeneyi ili ndi mbiri yake, yoyenera kuilondola kuyambira kumudzi.

M'midzi ya makolo, kaya ya Anyanja a m'mbali mwa nyanja, kaya ya Ayao a ku Mandimba ndi ku Ngauma, kaya ya Amakua ndi Alomwe a m'chigwa cha Cuamba, nyumba iliyonse inali ndi dzala lake kuseri, ndipo m'dzalamo ndimo munali kuthera zotsala zonse za moyo wa pakhomo. M'mawa mayi anali kuwola phulusa la dzulo pamafuwa nakalitaya kumeneko, pamodzi ndi mankhusu, makoko a nyemba, zitosi za nkhuku, mapale a mbiya yosweka ndi zinyalala za pabwalo. Masana nkhuku zinali kupalasa, mbuzi zinali kutola chimene zakonda, agalu anali kutenga mafupa, ndipo chotsala chinali cha chiswe ndi cha mvula. Zikapita zaka ziwiri kapena zitatu, taonani, padzala paja pamera maungu osadzala munthu, bonongwe, mpiru ndi mpapaya, pakuti panalibe dothi lina lachonde loposa limenelo m'mudzi monse. Kotero kwa makolo athu kutaya ndi kubzala zinali pachibale, ndipo mwana wotumidwa kudzala sanali kuphunzitsidwa kusankha chotaya, popeza zonse zimene dzanja la munthu linapanga masiku amenewo, dengu, mphasa, chipande, nsengwa ndi chikho, zinachokera kunthaka ndipo zinali kudziwa njira yobwerera komweko. Nawo madzi otsukira mbale anali kuthiridwa paphata pa nthochi, pafupi ndi thandala, ndipo anali ochepa, chifukwa anafika pakhomo ali pamutu pa munthu. Ndipo amene wasenza mtsuko kuchokera kudambo sataya madzi mwachisawawa.

Kunena za mafuta, akadamva agogo athu kuti kudzafika tsiku limene mafuta adzatseka njira ya madzi, akadagwira pakamwa. Mafuta anali chuma. Ndiwo za masiku onse zinali zotendera nsinjiro kapena zothira chidulo. Mafuta a nsatsi, amene amayi anali kuwayenga mothyola msana, kukazinga nsatsizo, kuzisinja ndi kuziwiritsa kufikira mafuta atayandama, anali kusungidwa m'nsupa kuti adzole makanda ndi anamwali. Ndipo nyama yonona ikalowa pakhomo, mwina pa ukwati, mwina pobwera mlendo wolemekezeka, mphika wake ana anali kuupukuta ndi mbamu ya nsima mpaka kuwala. Panalibe dontho lofika kudzala.

Sindikuti midzi imeneyo inali Edene, iyayi. Ambiri anali kudzithandiza kuthengo, ndipo matenda a m'mimba anali kutenga ana m'dzinja monga achitira lero. Ngakhale chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo, chinafika polamula ankhondo a Israeli kuti akhale ndi malo kunja kwa msasa ndi chokumbira chofotserera, umene uli umboni wakuti vutoli ndi lakale monga kusonkhana kwa anthu. Koma mudzi wa makolo unali ndi mankhwala awiri amene ife tilibe: unali ndi thengo lalikulu pozungulira pake, ndipo nthaka ikaguga kapena maliro akachuluka, mfumu inali kuitana akuluakulu, nasankha malo ena, mudzi nusamuka, kusiya bwinja kuti lidziyeretse lokha. Mzinda susamuka. Chimene wataya chaka chino udzakhala nacho chaka chamawa, ndi ana ako pambuyo pako.

Mizinda ya kuno ndi yaing'ono pa msinkhu. Kampani ya Niassa, imene boma la Apwitikizi linaibwereka dziko lonse la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio kuyambira 1891 kufikira 1929, ndiyo inayamba kuika malo a asilikali ndi a msonkho m'madera ano, ndipo mtima wake unali pa msonkho wa nyumba ndi pa anthu ogwira chibalo, osati pa zitsime kapena ngalande. Ansembe a Consolata anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo mu 1928 Bambo Pietro Calandri anatsegula mishoni ya Massangulo, kumene lero kuli likulu la boma la Ngauma. Pambuyo pake linadza thonje lokakamiza, limene linalemetsa eni makina opunthira ndi kuwerametsa misana ya alimi. Koma chimene chinabala mzinda wa Cuamba monga tiudziwa ndi njanji, imene itakwawa zaka zambiri kuchokera kunyanja ya mchere, kudzera ku Nampula, inafika kuno mu 1950. Mu 1952 malowa anatchedwa Nova Freixo, polemekeza Sarmento Rodrigues, nduna ya maiko a kutsidya kwa nyanja, amene kwawo kunali ku Freixo de Espada à Cinta; mu 1969 nthambi ina ya njanji inafika ku Vila Cabral, ndiye Lichinga wa lero; mu 1970 ina inalowa m'Malawi podzera ku Entre Lagos ndi Nayuchi; ndipo pa 30 Sepitembala 1971 Nova Freixo anapatsidwa ulemu wotchedwa mzinda.

Tsono apa ndipo pamene pagona nkhani. Mzinda umenewu unamangidwa pa chigwa chathyathyathya, m'mbali mwa mitsinje ya Muanda ndi Namutimbua, malo okondweretsa woyala njanji koma ovuta kwa madzi ofuna potulukira. Ndipo unamangidwa pawiri. Panali mzinda wa simenti, wa akuluakulu a boma, ogwira ntchito ya njanji ndi eni masitolo, wa misewu yotakata yowongoka, kumene nyumba inali ndi dzenje lake la simenti lotsekedwa pamwamba, limene Apwitikizi amati fossa, lolandira zonse za m'chimbudzi ndi za m'khitchini. Ndipo panali mzinda wina wa dothi ndi udzu wozinga woyambawo, kumene kunali kugona ophika, ochapa, onyamula katundu pasiteshoni ndi opuntha thonje, umene wojambula mapu sanauwerengere ngalande, popeza m'maganizo a olamula anthu amenewo anali alendo odzagwira ntchito, oyenera kubwerera kwawo ntchito ikatha. Anthuwo anabwera ndi mwambo wa dzala, pakuti sanadziwe wina, ndipo unali mwambo wabwino. Koma anaubweretsa pa malo opanda thengo, pamene kuseri kwa nyumba yako kuli pakhomo pa mnzako. Nayo njanji, ndi misewu yomwe, zimayenda pamwamba pa mitumbira yaitali imene kwa madzi ili ngati linga, ndipo zipata za lingalo ndi makalavati ndi timilatho. Kalavati amene anayezedwa kuti alandire madzi a m'thengo, kumene udzu ndi mizu zimamwa gawo lalikulu la mvula, sangathe kumeza madzi otsika pa madenga a malata mazanamazana ndi pa mabwalo opondedwa mpaka kuuma gwa, ngakhale mkati mwake mutakhala mopanda chinyalala ndi chimodzi chomwe.

Ufulu utabwera mu 1975, ndipo dzina la Cuamba litabwerera m'malo mwake chaka chotsatira, boma la Samora Machel linalengeza mu 1976 kuti banja lililonse m'dziko lonse likumbe chimbudzi. Maenje anakumbidwa ochuluka zedi, koma ambiri anali ophimbidwa ndi mitengo ndi dothi, ndipo chiswe ndi mvula zinawagwetsa. Pofuna kuchiza chilema chimenechi, amisiri a ku Maputo anayamba mu 1979 kuumba silabu ya simenti yozungulira, yotumphuka pakati monga chivundikiro cha mphika, yosalira zitsulo mkati, yokhala ndi popondapo mapazi ndi chotsekera chake. Ndipo luso limeneli, limene linabadwira m'dziko losauka ndi la nkhondo, linawoloka malire nkukathandiza Malawi ndi maiko ena. Ndi chinthu choyenera kuchikumbukira ndi ulemu. Koma nkhondo ya pachiweniweni inadula ntchito zambiri pakati. Midzi inapsa, njanji inaphwasulidwa, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo otsala anakhamukira m'matauni momwe munali asilikali, namanga zisakasa paliponse pamene panali poyera. Nanga poyera panali pati? Panali m'madambo ndi m'makhwawa, malo amene oyamba kufika anawasiya dala podziwa mwini wake. Sindingawadzudzule anthu amenewo, pakuti wothawa mfuti safunsa ngati pamene wagona pamadutsa madzi. Koma akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, zisakasa zija zinasanduka nyumba za njerwa, mabairo, ndiwo madera a m'tauni, anapatsidwa maina, khwawa lokha ndilo silinauzidwe kuti lasamutsidwa.

Mtendere unadza ndi malonda, ndipo malonda anadza ndi chinthu chimene dzala silinachionepo chiyambire. Amene anaima pa chipata cha Mandimba ndi Chiponde m'zaka zotsatira anaona njinga zolemedwa ndi chimanga, nyemba ndi fodya zikupita uku, zina zikubwera ndi shuga, sopo, mafuta ophikira ndi ziwiya zapulasitiki. Ndipo kanthu kalikonse, ngakhale mchere wa ndiwo za tsiku limodzi, ngakhale mafuta oyeza pa supuni, kanayamba kuperekedwa m'kajumbo kake. Dengu linatsala pakhomo. Mayi anapitiriza kuchita monga anamphunzitsa amake, kusesa m'mamawa ndi kukataya kuseri. Cholakwa sichinali m'dzanja lake, koma m'chinthu chimene anasesacho, pakuti jumbo nkhuku siidya, chiswe chimaikana, mvula siioletsa, ndipo mbuzi ikaimeza imadwala nayo. Mphepo ya mu Ogasiti imaitola padzala nkukaigoneka pamalo otsika koposa onse, ndiwo ngalande. Vutoli si lathu tokha: dziko la Bangladesh linaletsa majumbo opyapyala mu 2002 litaona kuti ndiwo anali kutseka ngalande pa nthawi ya madzi osefukira, ndipo ku Accra, m'dziko la Ghana, pa 3 Juni 2015, anthu oposa 150 anafa pamene madzi olephera kudutsa m'ngalande zodzala zinyalala anasefukira nafika pa malo omwetsera mafuta a galimoto pamene anthu anabisala mvula, moto nubuka. M'chaka chomwecho cha 2015 boma la Mozambique linaletsa majumbo opyapyala amene kukhuthala kwake sikufika mamaikiloni 30, ndipo la Malawi linaletsa osafika 60, lamulo limene eni mafakitale analimbana nalo m'makhoti, ndipo bwalo lalikulu la apilo linalivomereza mu 2019. Malamulowo alipo m'mabuku. Amene afuna kudziwa mphamvu yake apite kumsika akagule tomato.

Mafuta nawo, amene anali a m'nsupa, anasanduka a m'zigubu. Pano ndiyenera kunena mwachilungamo, kuti wokazinga mandasi kapena chipisi wa kuno sataya mafuta monga achitira a m'maiko olemera; amawabwereza mpaka ade bii, chifukwa ndiwo mpamba wake. Koma chiwaya chimatsukidwa madzulo alionse, ndi mbale za m'malesitilanti, ndi mipeni ya ogulitsa nyama ya mbuzi. Ndipo madzi onona amenewo, pamodzi ndi oyilo wakutha wa njinga zamoto ndi wa zigayo, amathiridwa m'ngalande tsiku ndi tsiku, ndipo pang'onopang'ono ndi mtolo. Mafuta ali ndi chinyengo ichi, kuti akatentha amayenda ngati madzi, kotero wowathira amayesa kuti apita. Koma akangozizira amaundana, namata pa khoma la ngalande kapena la mpope, nayamba kugwira chilichonse chodutsa. Ndipo pali chinanso chozama. Akuluakulu amene anaona kusowa kwa sopo m'zaka za nkhondo akudziwa kuti madzi a phulusa akakumana ndi mafuta amabala sopo. Chomwecho chimachitika mumdima wa m'mipope: mafuta amakumana ndi laimu wochokera m'simenti ndi m'madzi, nasanduka mtundu wa sopo wouma, wosasungunuka ndi wosachita thovu, umene pakupita kwa miyezi umalimba ngati mwala.

Kuti tione kumene njira imeneyi imathera, tiyenera kuyang'ana kutali. M'mwezi wa Sepitembala 2017, pansi pa msewu wa ku Whitechapel mumzinda wa London, antchito a zamadzi anapeza chimulu cha mafuta oundana, osakanizika ndi matewera ndi tinsalu tonyowa topukutira makanda, chotalika mamita 250 ndi cholemera matani 130, ndiko kulemera kwa matumba a chimanga 2,600 a makilogalamu 50. Angerezi amachitcha chinthu chotere fatberg, kuchifanizira ndi mapiri a madzi oundana oyandama panyanja. Amuna anagwira ntchito milungu isanu ndi inayi pansi pa nthaka, ndi mafosholo ndi mipope ya madzi amphamvu, kuti achiswe. Ndipo chidutswa chake chinaikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ya mzindawo mu 2018 kuti anthu adzaone ntchito ya manja awo. Wina adzati, "Zimenezo ndi za Azungu, ife mipope ya suweji yolumikiza mzinda wonse tilibe." Ndi zoona kuti Cuamba, Mandimba ndi Massangulo ndi malo a zimbudzi zokumba ndi maenje a simenti, ndi kuti chimene ku London chimabisika pansi, kuno chimagona poyera, ana nkumachilumpha popita kusukulu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Ndipo mbiri ya London ili ndi phunziro lina limene likutiyandikira koposa la mafuta.

Mzinda umenewo unayamba walandira madzi a m'mipope ndi zimbudzi zogejemula usanakonze kopita madziwo akadetsedwa. Maenje a pansi pa nyumba anasefukira. Olamula anati zonse zilowe m'ngalande za mvula, zimene zinali kuthira mu mtsinje wa Thames, momwenso anthu anali kumwa. Kolera anapha anthu zikwizikwi, ndipo sing'anga John Snow anaonetsa mu 1854 kuti nthendayo inali kuyenda ndi madzi a pa mjigo wa mu Broad Street. Komabe akuluakulu sanafulumire kufikira chilimwe cha 1858, pamene fungo la mtsinjewo linalowa m'nyumba ya malamulo momwe. Apo ndipo anapereka ndalama, ndipo mmisiri Joseph Bazalgette anamanga ngalande zikuluzikulu za njerwa za pansi pa nthaka, zotalika makilomita 132, zimene zikugwirabe ntchito lero. Tsono taganizani za ife. Madzi a ku damu la m'phiri la Mitucué afika m'mabairo ambiri a Cuamba, ndipo ndi dalitso losaneneka, limene mayi aliyense amene anakula ndi nkhata pamutu angalichitire umboni. Koma pakhomo pamene panali kulowa ndowa zitatu patsiku, mpope ukafika pamalowa makumi. Ndipo madzi onse olowa oyera amayenera kutuluka akuda. Phata la nthochi silingawamwe onse. Walira mvula walira matope, ndipo wokoka mpope wa madzi abwino osakumba njira ya madzi oipa wagwira theka la ntchito.

Masiku a chiweruzo cha zonsezi ndi masiku a mvula yaikulu. Mu Januwale 2015, pamene mtsinje wa Licungo unadula mlatho ku Mocuba ndi kugwetsa nsanamira za magetsi, zigawo za kumpoto zinakhala mumdima pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo kumwera kwa Malawi kunamira nthawi yomweyo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy, atalowa kachiwiri pafupi ndi Quelimane, anagwetsa mapiri pa anthu ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ku Cuamba mtsinje wa Muanda unatuluka m'malire ake, mabanja nathawira m'masukulu. Mvula yotere palibe ngalande ingaimeze yonse, ndipo kungakhale kunama kunena kuti majumbo ndiwo anabweretsa namondwe. Koma pali kusiyana pakati pa madzi odutsa ndi madzi ogona. Madzi opeza njira amafika m'mawondo usiku, m'mawa apita. Madzi opeza kalavati wotseka amakhala masiku, nanyowetsa maziko kufikira khoma la zidina litagwada, nalowa m'zimbudzi, natulutsa za m'menemo ndi kukazithira m'zitsime zosaphimba. Pamenepo mvula ikakuona litsiro sikata: pambuyo pa madzi pamadza udzudzu ndi kutsekula m'mimba. Kolera amene anayamba ku Machinga m'Malawi mu Malichi 2022, napha anthu oposa 1,700 m'dzikomo, anaonekera ku boma la Lago m'chigawo chino cha Niassa pa 14 Sepitembala chaka chomwecho, nafalikira m'zigawo zina. Pakuti nthenda imeneyi siima pachipata kuti idinditse chiphaso.

Funso limene makolo sanalifunsepo ndi ili: kodi ngalande ndi ya yani? Dzala linali ndi mwini wake, ndipo likanunkha, apongozi anali kudziwa woti amunene. Njira ya kumadzi inali ya mudzi, ndipo nyakwawa ikamema, amuna anali kutuluka ndi makasu kukalambula. Koma ngalande ya m'tauni inabadwa m'masiku a atsamunda monga chinthu cha boma, cholambulidwa ndi akaidi ndi anthu a chibalo, kotero kuti kuigwira kunali chizindikiro cha ukapolo. Ndipo maganizo amenewo sanafe pamodzi ndi chibalo. Cuamba anakhala ndi khonsolo yakeyake yosankhidwa ndi anthu mu 1998, ndipo Mandimba mu 2013, ndi udindo wa zinyalala ndi ngalande uli m'manja mwa makhonsolowo. Koma mzinda umene anthu ake ambiri amadya za tsiku lomwelo supereka msonkho wokwanira kugula magalimoto ndi mafuta ake. Mwa ichi ntchito yonyansa koposa imatsalira anthu amene sitiwatchula pagulu: osesa mumsika mbandakucha, anyamata olowa m'makalavati ndi fosholo miyendo ili yosavala, ndi amuna amene amaitanidwa usiku kudzapopa chimbudzi chodzala ndi ndowa ndi chingwe, nalipidwa pang'ono, napatsidwa moni wa patali. Ine ndiyesa kuti anthu amenewa apulumutsa miyoyo yambiri yosawerengeka, ndipo ayenera nsapato zamphira, magolovesi, malipiro okwanira ndi mpando pa msonkhano wa bairo. Ndaonanso kawirikawiri ngalande italambulidwa bwino mu Novembala, koma mulu wa zotulukamo utasiyidwa pamphepete pomwepo kudikira galimoto, kufikira mvula yoyamba inaubwezera momwe unachokera. Ndipo mtima umawawa poona thukuta la anthu likupita pachabe chifukwa cha kusowa kwa ngolo imodzi.

Komabe chigawo chino chinaonetsapo dziko nzeru ina, imene inatengedwa kudzala komwe kuja. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la ESTAMOS, logwirizana ndi la WaterAid, linayamba kuphunzitsa anthu a ku Lichinga ndi ku Mandimba chimbudzi cha maenje awiri osazama. Banja limagwiritsa ntchito dzenje limodzi kwa chaka, ndipo aliyense akatha kudzithandiza amathiramo phulusa losakaniza ndi dothi, zimene zimaletsa fungo ndi ntchentche. Likadzala amalifotsera, nasamutsira silabu pa linzake. Ndipo pofika chaka china za m'dzenje loyamba zasanduka dothi lakuda lopanda fungo, lokathira kumunda. Posazama, dzenjelo silifika msanga pa madzi a pansi amene zitsime zimamwa, ndipo silisowa munthu wa ndowa usiku. Mtsogoleri wa bungweli, Feliciano dos Santos, mwana wa ku Niassa konkuno amene anapuwala mwendo ndi poliyo ali wamng'ono, anayenda m'midzi ndi gulu lake loimba la Massukos, kuimba za kusamba m'manja ndi za zimbudzi m'zinenero za anthu eni ake, nkhani imene ambiri amachita nayo manyazi kuitchula ngakhale monong'ona. Ndipo mu 2008 analandira mphoto ya Goldman, imene imaperekedwa kwa oteteza chilengedwe a m'maiko onse. Agogo amene anali kuwola phulusa m'mawa uliwonse akadaona chitini cha phulusa chili pakona pa chimbudzi, sakadafuna wowamasulira.

Phulusa lingathe kuchiza za m'chimbudzi, koma jumbo ndi mafuta a m'chiwaya silizitha. Msewu wochoka ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga, umene kale unali kumeza magalimoto m'matope, tsopano uli ndi phula, ndipo m'mbali mwake, podutsa m'matauni, muli ngalande zatsopano za simenti. Pamphepete pa ngalandezo pamera kale mabenchi, ziwaya ndi timagolosale, monga zimera paliponse pamene basi imaima. Ku Ngauma, ukapatuka pang'ono kuchoka pamsewu, udzapezabe dzala kuseri kwa nyumba, ndi maungu atayanga pamwamba pake monga kale. Koma mwini wake akadza ndi khasu mu Okutobala kudzatapa manyowa a kudimba, amayamba wakhala pansi ndi kusankha ndi manja, kuzula majumbo m'dothi lakudalo imodzi imodzi, ena a zaka khumi zapitazo malemba ake akuwerengekabe. Amawaunjika pambali, napsinja ndi mwala, posadziwa kopita nawo. Ndipo mwana akagubuduza mwalawo posewera, mphepo ya madzulo imawatenga, niwatsitsira kumsewu.